Buloko Yopanda Dzina ndi Tonde wa NyaZimba

Lolemba

"Makina a Kalabu ya Tikumbeko akhala akugwira ntchito usana ndi usiku, osapuma ngakhale tsiku limodzi, ndipo dzulo akumba buloko ya Bitikoyini." Awa ndi mawu a Cheyamani athu, a Goma. Awalankhula ataimirira, atavala jekete, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sitolo yawo. Ndikuwalemba monga atulukira.

Phokoso lake! NyaNg'uni, akazi awo, nthungululu. Wina akuponya chipewa kumwamba, chikukodwa pa nthambi, mwini wake sakuchifunanso. Akuti agula china ku Lusaka.

Ndikumbukire zomwe anatiphunzitsa ba Mulenga, aphunzitsi a kompyuta ochokera ku Kitwe, tsiku lomwe tinagula makinawa. Bitikoyini ndi ndalama ya pa intaneti. Makina a dziko lonse amapikisana kuthyola samu imodzi. Amene ayamba kuithyola amatseka mtolo wa malonda a anthu, womwe amautcha buloko, n'kulandira mphoto yonenepa. Athu ndi aang'ono ngati wailesi, pamene anzathu kunja ali ndi nyumba zodzaza makina. "Mwayi ndi wochepa kwambiri, koma ulipo," anatero. Ife tinamva mawu omalizawo.

Umboni wa a Cheyamani uli pa foni. Pali tsamba lomwe limaonetsa buloko iliyonse ndi dzina la woikumba. Zonse zili ndi mayina a magulu akuluakulu akunja. Imodzi yokha, ya dzulo m'mawa, palembedwa kuti wosadziwika. Ndipo ba Mulenga poyatsa makina athu anasiya malo a dzina opanda kanthu, chifukwa tinali tikukanganabe za dzina la kalabu. A Cheyamani akufunsa gulu:

"Ku chigayo cha mpunga, thumba lopanda dzina limakhala la ndani? La uja sanalembe dzina. Manje pano sanalembe dzina ndani?"

"Ife!"

Ine sinditengeka. Pa boma pano amandidziwa. Nthawi ya mbewu ija ankati ibala kawiri pa chaka sindinagule ngakhale kapu. Koma mfundo iyi ikumveka! Ndikuitembenuza uku ndi uku, siikugwa.

Phwando Loweruka. A Cheyamani akufunsa za ndiwo. Pakamwa panga pakutseguka pokha: "Tonde alipo."

Tonde si wanga. Ndi wa mkazi wanga NyaZimba. Anampatsa ndi atate ake ku Tembwe, kuti adzaphedwe pa ukwati wa mwana wathu Tamara mu Ogasiti.

Ba Mulenga ali ku Chikwa ku ntchito za sukulu mpaka Loweruka, choncho kalabu yasankha ine kuti ndibweretse umboni wonse, popeza ndinamaliza sekondale ndipo foni yanga ili ndi galasi losasweka.

Ndisanapite kunyumba ndikulowa m'chipinda cha katundu kukawaona makinawo. Ali pa shelefu, fani ikulira bwinobwino, fyiii. Mphaka wa a Goma, amene kale nyengo yozizira ankagona pamwamba pake chifukwa ankafunda, lero wagona pa matumba a gaga. Ngakhale mphaka wayamba kupereka ulemu.

Kunyumba NyaZimba akumvetsera mpaka kumapeto, akupeta mpunga.

"Atate a Tamara, mundionetse pamene palembedwa kuti chinthucho n'chanu. Mukandionetsa, mpeni ndinola ndine. Mukalephera, ku Tembwe mukafotokoza nokha."

Ndavomera. Ndi nkhani ya masiku awiri iyi.

Lachiwiri

Ndatseka kagolosale kanga masana onse. Ndili pa benchi, foni m'manja, ndikuwerenga Chingerezi chomwe sitinaphunzire ku sukulu.

Ndapeza! Tsamba lija silichita kulota dzina la wokumba. M'buloko iliyonse, malipiro oyamba ndi a wokumba mwini, amadzilipira yekha mphoto yake. Pambali pake pali kampata kolembapo chilichonse chimene afuna. Magulu akuluakulu amalembapo mayina awo, monga timachitira ndi makala pa matumba. Tsamba limangowerenga pamenepo. Likapeza dzina lomwe likulidziwa, limalemba. Likapanda kupeza, wosadziwika.

Ndiye a Cheyamani sananame! Ndi nkhani ya matumba ndithu!

Ndikutsegula kampata ka buloko yathu. Muli timizere ndi timadontho tosawerengeka, ngati pamene nkhuku zapalasa. Dzina palibe!

Chinanso: nthawi. Buloko inatsekedwa Lamulungu m'mawa, ife tili m'tchalitchi. NyaNg'uni sanapite tsikulo chifukwa cha mwendo. Akulumbira kuti nthawi yomweyo anamva makina akutsokomola.

"Anachita khoo, kenaka n'kupitiriza. Ngati chigayo chikameza mwala."

Ndikufunsa ngati anayang'ana wotchi. Akuti wotchi ya chiyani, belu lachiwiri linali litangolira.

Msika wonse wamva. Zomwe mamembala agula kale ndi pakamwa:

thirakitala, a Cheyamani;
mpanda wa magetsi kuzungulira dimba, njovu zikalire kwina;
mlatho pa kamtsinje ka kumunda, koma wodutsa mamembala okha;
mano atsopano a NyaNg'uni, a m'mwamba ndi a m'munsi;
galimoto yonyamula mpunga mpaka ku Lundazi, yokhala ndi dzina la kalabu kutsogolo.

Ine sindinatchule kanthu pagulu. Koma m'mutu mwanga ukwati wa Tamara ndausamutsa kale. Tenti yoyera, mipando yovekedwa nsalu, ng'ombe m'malo mwa tonde. Apongozi a ku Tembwe ndawakhazika kutsogolo, ndawagulira nsapato.

NyaZimba wayang'ana timizere tija nthawi yaitali.

"Dzina lanu lili pati?"

Ndikufotokoza kuti umboni wake ndi womwewo, kuti dzina palibe.

"Ndiye ndikapita ku chipatala n'kupeza mwana wopanda dzina, ndi wanga?"

Akazi ena amavuta kuphunzitsa.

Lachitatu

Njira yachiwiri ilipo! Dzina likasowa, umayang'ana kumene mphoto inapita. Chikwama chilichonse cha Bitikoyini chili ndi adiresi yake, mzere wautali wa manambala ndi zilembo. Ya wokumba buloko ija ili poyera pa tsamba, aliyense angaione. Ikafanana ndi ya kalabu, nkhani yatha, mpeni unoledwe.

Adiresi ya kalabu ili mu foni ya ba Mulenga. Ba Mulenga ali ku Chikwa.

Ndikuimba m'mawa, siikulowa. Masana, siikulowa. Uthenga ukufika kudzera kwa wanjinga yamoto: kumene ali netiweki imagwira pa chulu chimodzi kuseri kwa sukulu, adzakwerapo akaweruka.

Madzulo tasonkhana kwa a Goma. Foni yanga ili pa mpando, ife tazungulira. A Cheyamani aletsa ana kusewera, atseka wailesi, athamangitsa nkhuku.

Ikulira!

"Mwati buloko? Yathu? Imwe ba Cheyamani, musandiseketse, ndili pa chulu ine, ndingagwe."

Ndikuwauza kuti awerenge adiresi pang'onopang'ono. Chala changa chili pa galasi.

Chilembo choyamba, chafanana.

Chachiwiri, chafanana!

Chachitatu, chachinayi!

Kenaka tiii. Netiweki yapita.

Palibe wadikira zotsalazo. A Cheyamani andinyamula m'mwamba, munthu wa shuga ndi msana wovuta. NyaNg'uni akuvina ndi mwendo womwe uja. Wina wayambitsa nyimbo ya kwaya, tonse tikuimba, ngakhale a mpingo wina. Ine ndikuimba besi! Ine!

Tayesanso kuimba foni mpaka dzuwa kulowa. Ba Mulenga atsika pa chulu.

Panjira ndikudutsa pa khola. Tonde akundiyang'ana, akutafuna. Wanenepa bwino chaka chino. Ndamuuza kuti adzafera chinthu chachikulu.

NyaZimba akufunsa kuti mzerewo ndi wautali bwanji. Ndikumuonetsa. Akuyeza ndi chikhadabo pamene tinalekezera.

"Mwaona mphuno yokha, mwati ndi m'bale wanu."

Lachinayi

M'mawa NyaZimba ali kumunda kukamweta mpunga wotsala. Anthu awiri a kalabu akufika ndi chingwe. Akuti a Cheyamani ati tonde akazolowere malo. Ndikuganiza za zilembo zinayi zija. Ndikuwatsegulira khola.

Ku golosale ndikufuna kusangalalanso, ndiye ndikutsegula buloko zina kuti ndione mmene maadiresi a anthu ena amasiyanirana ndi yathu.

Ya gulu lalikulu lakunja ikuyamba chimodzimodzi.

Ina, chimodzimodzi.

Inanso.

Zili ngati manambala a foni. Onse a kampani imodzi amayamba mofanana, kusiyana kuli kutsogolo. Dzulo tavina chifukwa cha chiyambi cha nambala.

Chabwino. Sizikutanthauza kuti si yathu. Zikungotanthauza kuti sitikudziwa. Mtima, khala pansi.

Ndikutsika m'munsi mwa tsamba, masiku a m'mbuyo. Wosadziwika wina! Mwezi watha, winanso. Ndikutsikabe mpaka chaka chomwe tinali tisanagule makina. Aliponso.

Ndathamanga kwa a Cheyamani. Avala magalasi, ayang'ana, achotsa magalasi.

"Zonsezi? Ndiye takhala tikukumba osadziwa!"

Ndikuwaonetsa za chaka chija makina tisanagule.

"Izo n'za eni ake. Ife sitiba. Titenga zathu zokha."

Koma ndi munthu wachilungamo, a Goma. Akuti mwambo utsatidwe. Thumba lopanda dzina likapezeka ku chigayo, amalengeza kaye, mwini akapanda kubwera ndiye limapita kwa wolinena. Andilamula kuti ndilengeze pa intaneti. Ndalemba m'dzina la a Goma m'gulu lina la anthu a Bitikoyini, m'Chingerezi changa cha pa mayeso: kuno ku Chama tapeza buloko yopanda dzina, amene wataya abwere ndi umboni lisanafike Loweruka.

Omwe ayankha mpaka madzulo:

wina watumiza nkhope zoseka zokhazokha;
wina akufunsa kuti Chama ili kuti;
mayi wina wakunja, wa tsitsi lofiira, akuti wawakonda a Goma kuyambira kale ndipo akufuna mawu achinsinsi a chikwama chathu kuti atisungire.

Mwini buloko sanabwere.

"Mwaona? Palibe wakana!" A Cheyamani atumiza mawu ku Tembwe ndi ku Chikwa kuti achibale abwere Loweruka. Za mayi uja NyaNg'uni wamva, ndipo foni ya a Cheyamani tsopano ikugona m'chitenje chake.

Kunyumba NyaZimba waima pa khola lopanda kanthu. Sanakweze mawu.

"Wapita kukaona dzina lake?"

Ndati wangopita kukacheza.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru yatsopano! M'malo mofunsa kuti buloko ija ndi ya ndani, ndifunse kuti buloko yokumbidwa ndi makina ngati athu imaoneka bwanji. Alipo anthu kunja omwe anapambanapo ndi timakina tating'ono. Ndikaona zawo zili zopanda dzina, basi, ndapambana mlandu wa kunyumba.

Ndafufuza. Ndazipeza.

Zili ndi dzina.

Ndikuwerenga kawiri. Timakina ngati tathu sitipita tokha ku mpikisano. Timalowera pa khomo la gulu lina lakunja, lomwe limatipatsa samu ndi kutumiza yankho. Tikapambana, mphoto ndi yathu, koma pa kampata paja pamalembedwa dzina la gululo. Monga mpunga wa alimi ang'onoang'ono umafika ku Lusaka m'thumba la wogula. Malo aja ba Mulenga anasiya opanda kanthu ndi ongotchulira makina, kuti mwini asasokoneze akakhala nawo ambiri. Pa buloko safikapo n'komwe.

Ndiye tikanakumba ife, buloko ikanakhala ndi dzina. Yopanda dzina ndi ya wina aliyense pa dziko lapansi kupatula ife.

Ndakhala pa benchi. Kasitomala akufuna sopo, ndamupatsa machesi.

Komabe! Mwina ba Mulenga analumikiza mwa njira ina. Ndi munthu wa ku Kitwe, amadziwa zambiri. Adiresi sitinaimalize. Mpata ulipo, waung'ono ngati wa pansi pa chitseko, koma ulipo.

Kwa a Cheyamani ndapeza anthu akusenda anyezi. Miphika ya mpingo yafika kale. Tonde wamangidwa pa mango, akudya makoko a nthochi ngati mlendo wolemekezeka. Ndawaitanira pambali a Cheyamani, ndafotokoza zonse, za khomo, za thumba la wogula.

"Adada, intaneti imalemba zambiri. Mverani apo." Akuloza ku chipinda cha katundu. Fyiii. "Chigayo chikamalira ndiye kuti chikugaya. Ine ndagwira ntchito ya zaulimi mpaka kupuma, makina ndimawamva ndi khutu."

Ndikupempha kuti tonde ayembekeze mpaka ba Mulenga afike. Akuti palibe vuto, mpeni sudzayenda aphunzitsi asanaone.

Posanzika ndasuzumira m'chipinda muja. Mphaka ali pa gaga. Ndaika dzanja pa makina. Akuzizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndafunsa NyaNg'uni, akuti ndi chizindikiro chakuti fani ndi yamphamvu.

Dongosolo la mawa: kudzuka tambala woyamba, kupita ndi chingwe changa, kubweza tonde mwakachetechete. Phwando lidye nyemba. Buloko ikapezeka kuti ndi yathu, ndidzagula ng'ombe ndine.

Loweruka

Ndafika kusanache bwino, chingwe m'thumba.

Tonde ali pa mango. Miyendo kumwamba.

Alamu awo a Cheyamani a ku Chikwa anafika dzulo, ndipo kwawo nyama ya phwando imaphedwa kusanatenthe. Palibe anawauza za aphunzitsi. Andipatsa moni ndi dzanja la magazi, akuyamikira mafuta.

"Mbuzi yoleredwa ndi munthu wachikondi iyi!"

Chiwindi andipatsa ine, monga mwini.

Anthu adzaza. Kwaya yabwera ndi yunifolomu. Makina awatulutsa, awaika pa tebulo lokhala ndi nsalu ya maluwa, waya wa sola akudutsa pa windo. Anthu akubwera pamzere kudzamvera fani. Agogo ena aponya ndalama yachitsulo patsogolo pake. Ndikunena zoona, ng'oma itayamba phazi langa likugunda lokha. Mwina ndi yathu! Ndani akudziwa? Fungo la nyama limalimbitsa chikhulupiriro.

Apongozi a ku Tembwe sanabwere, akuti njinga yaphulika. Mulungu alipo.

NyaZimba wabwera, wavala chitenje chatsopano. Wakhala kutsogolo. Watenga mbale yoyamba, wamaliza, watenga yachiwiri.

"Ndi wanga. Ndimudye ndisanamulire."

Masana njinga yamoto ikulira. Ba Mulenga, fumbi mpaka m'nsidze! Anthu awanyamula kuchokera pa msewu. A Cheyamani akufuna kuti awerenge adiresi pamaso pa onse. Ba Mulenga ayang'ana miphika, ayang'ana anthu, ayang'ana ine.

"Ba Cheyamani, munthu sawerenga ndi njala."

Adya. Adya bwino, mosafulumira, mpaka kupukuta mbale. Pamenepo ndadziwa.

Tapita atatu kuseri kwa sitolo. Foni yawo ndi yanga pamodzi. Zilembo zinayi zija zafanana monga kale. Chachisanu chasiyana. Chachisanu ndi chimodzi chasiyana. Mpaka kumapeto palibenso pamene zakumana. Atsegula chikwama cha kalabu. Muli mbee.

A Cheyamani akonza jekete. Abwerera kwa anthu, akweza dzanja, ng'oma yaleka.

"Abale, akatswiri atsimikiza kuti buloko ya Lamulungu inatiphonya pang'ono. Zilembo zinayi zinali zathu kale. Makina akugwira ntchito usana ndi usiku. Ikubwerayi ndi yathu!"

Nthungululu! Ng'oma yayambanso. Kunena zoona phwando lakoma kuposa maukwati ambiri omwe ndapitako.

NyaZimba wapempha chikopa. Wachipinda bwinobwino, wandipatsa kuti ndinyamule.

Lamulungu

M'tchalitchi anthu akundipatsa moni ndi manja awiri. Akuti nyama inali yofewa.

Chikopa chili pa denga la khitchini, chikuuma. NyaZimba akuti mawa ndichimange pa njinga, atate ake akaone chomwe chatsala, ndipo ndikawafotokozere ndekha za kampata ka dzina, popeza ndikukadziwa bwino. Wandipopera kale matayala. Tamara waimba foni kufunsa ngati n'zoona kuti ukwati wake udzakhala ndi ng'ombe. Ndati netiweki ikuvuta.

Zomwe ndaphunzira sabata ino ndingaphunzitse kalasi. Ndikhoza kutenga buloko iliyonse n'kukuuza woikumba, kapena kukuuza chifukwa chake sadziwika. Ku Tembwe sadzafunsa zimenezo.

Titaweruka ndaperekeza ba Mulenga kwa a Goma kukabwezera makina pa shelefu. Ndawauza za mphaka. Aika dzanja pa makina. Afunsa kuti kabokosi ka intaneti kali kuti. Takapeza kuseri kwa matumba a gaga, kakuyaka nyali yofiira. Akuti popanda intaneti makina salandira samu, fani yokha ndi imene imazungulira.

A Cheyamani amayesa kuti bandulo ya intaneti amagula ndi aphunzitsi. Aphunzitsi amayesa kuti amagula ndi kalabu. NyaNg'uni nyali yofiirayo amaiona tsiku lililonse posesa, amayesa ndi yokongoletsa.

Ba Mulenga atulutsa kakhadi, akaika mu foni yawo, afunsa ku kampani.

Bandulo inatha mu Epulo.